A Tiyeseko ndi Chitini cha Mapazi

Dzina lakuti a Tiyeseko sanapatsidwe ndi makolo ayi. Analitola pa ntchito yawo yoyamba, ku kampani ya mabasi, kumene anangokhalako miyezi inayi basi. Mlandu wake unali woti anamasula kachipangizo koboolera matikiti, ati kufuna kuona chimene chimalira kuti tcha m'kati mwake. Anachionadi, kanali kasipuling'i, koma kanadumpha n'kukagwera m'ngalande. Bwana atawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino, iwo anayankha osaphethira n'komwe kuti, "Ndimati tiyeseko." Ntchito inathera pomwepo, dzina n'kutsala.

Atasowa kolowera anayamba kumaswera pakhonde pa mkulu wina wosoka nsapato. Koma mafunso akewo, abale inu! Bwanji ulusi mukuupaka phula? Bwanji chikopa ichi chikununkha mosiyana ndi icho? Mkulu uja atatopa nawo anawaponyera mpeni ndi kachidutswa ka chikopa, poganiza kuti mwina pakamwa papumako. Pakamwa sipanapume, koma mpeni uja sanausiyenso. Papita zaka makumi anayi ndi chimodzi tsopano.

Ntchito yawo anthu ambiri saidziwa, chifukwa ikagwiridwa bwino sioneka. Chikopa n'chokhuthala, ndiye ukafuna kupinda m'mphepete mwake kapena kulumikiza ziwiri, pamatupa ngati chala chopunthwa. Pamafunika wina woti apale m'mphepetemo, achotse mnofu wa kumbuyo mopendeketsa mpeni, kuti chikopacho chizinka chipyapyala mpaka kumapeto. Ukapala pang'ono sichipindika. Ukapyola muyeso waboola, ndipo chikopa chobooka sichimva pepani. A Tiyeseko ankachigoneka chafufumimba pagalasi lokhuthala, nkhope pansi, mnofu m'mwamba, n'kumayendetsa mpeni maso ali pomwepo. Osoka zikwama, malamba ndi nsapato ankabwera nazo zikopa kwa iwo atadula kale, n'kudzatenga zitapalidwa.

Kachipinda kawo kali kumapeto kwa likole, kuseri kwa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Muli zenera limodzi, tebulo, mpando womangidwa ndi waya mwendo umodzi, ndi fungo la guluu lomwe limakulonjera usanalowe. Khoma la kumanzere ndi la matabwa ndipo silifika kudenga. Kuseri kwake amasokerako a Telala, mayi wa pakamwa pakuthwa kuposa sizasi yawo. Awiriwa akhala akukangana pamwamba pa khomalo kwa zaka khumi ndi ziwiri, tsiku lonse, osaonana nkhope.

Vuto linayamba ndi supuni. Tsiku lina akutakasa tiyi anamva supuni ikugogoda kapu iwo asanaituma. Dzanja lamanja linali litayamba kunjenjemera. Monga mwa khalidwe lawo, anayamba achita nalo chidwi, n'kumaliyang'anitsitsa ngati n'la munthu wina. Bwanji likanyamula chinthu cholemera limakhala phee, koma likagwira chopepuka limavina? Anakhala nalo choncho nthawi yaitali osauza munthu, mpaka Lachiwiri lina mpeni unaterereka n'kulowa m'chala chachikulu cha kumanzere. Magazi anadzaza pagalasi ponse. A Telala anakulunga chalacho ndi zidutswa za nsalu, akukalipa, n'kuimbira foni mwana wa a Tiyeseko.

Mwanayo ndi wamkazi, amagwira ntchito kuchipatala, ndipo aliyense amangomuti Nesi, ngakhale bambo ake omwe. Anatengera malemu mayi ake, sanena chinthu kawiri. Chala chitasokedwa n'kupola, anafika ndi kagalimoto konyamula katundu, amuna anayi n'kutsitsa chimakina chobiriwira chokhala ndi tebulo lake lomwe. Anali atachipeza ku fakitale ya nsapato yomwe inatsekedwa. Pamwamba pake panali chitini cha mabisiketi, cholemera ngati muli miyala.

"Ababa, tamverani," anatero Nesi. "Mpeni uja ndatenga, uli m'chikwama mwangamu. Makina opalira chikopa ndi awa. Mwezi uno ukatha musanawazolowere, chitseko ichi nditseka ndekha, mukakhala kwathu. Chipinda chilipo kale."

Chipindacho a Tiyeseko ankachidziwa. Chili pansanjika yachitatu, muli bedi, mpando wofewa ndi wailesi ya kanema, ndipo zenera lake limayang'ana khoma la nyumba ina. Chinali chipinda chabwino ndithu, ndipo ankachiopa kuposa mmene ankaopera chilichonse. Munthu ungamadzuke m'mawa n'kumaonera anthu ena akugwira ntchito pa kanema? Anangokanda pamutu.

Nesi atachoka, a Tiyeseko anawazungulira makina aja katatu. Mpeni wake unali wozungulira ngati kapu yogonekedwa chammbali. M'kati mwa kapuyo munali kamwala kokhakhala, kozunguliranso, kokokera chikopa. Pamwamba panali mkono wachitsulo wolendewera, kumapeto kwake kulibe kanthu. Atatsegula chitini chija anapeza tizitsulo tisanu ndi tinayi, tosiyanasiyana, todzola mafuta akale. Pepala lofotokoza munalibe.

A Telala anabwera kudzasuzumira, singano zili pakamwa.

"Amenewo ndi mapazi, achimwene. Ngati la makina anga aja, lija limapondereza nsalu. Mumamangirira kumkonoko."

"Nanga achulukiranji chonchi? Inu muli nalo limodzi."

"Ndili nawo asanu ine. Mumaona ngati zipi amasokera ndi phazi lomwelo? Safunsa anadya phula."

A Tiyeseko anawandandalika patebulo. Lina linali lotakata ngati zala zitatu, lathyathyathya. Lina laling'ono ngati chikhadabo. Lina lokhota bwino ngati msana wa supuni. Lina linali ndi kagudumu kumunsi, lina ndi kamzere pakati. Mtima unayamba kugunda monga unkachitira kale akapeza chinthu chomasula, ndipo kwa kanthawi anaiwala za chipinda cha pansanjika chija.

Anamangirira lotakata lija, popeza linkaoneka ngati bambo wa onse. Anatola chidutswa pansi, n'kuchigoneka monga ankachitira zaka zonsezi, nkhope pansi, mnofu m'mwamba. Anaponda chopondera. Mota inalira, chikopa chinakokedwa fyuu n'kutulukira mbali inayo. Atachitembenuza anangoti kukamwa yasa. Mnofu unali womwewo, osakhudzidwa n'komwe, koma nkhope ya chikopa, mbali yosalala ija imene munthu amagulira chikwama, inali itametedwa psiti.

"Phazi ili n'lolakwika," anatero.

Anasintha, n'kuika laling'ono. Linameta nkhope. Anaika la kagudumu. Linametanso nkhope. Masiku atatu athunthu anakhala akusintha mapazi, kumasula kabawuti aka, kumanga ako, zinyenyeswa zikudzaza pansi. Tsiku lachitatu masana analengeza pamwamba pa khoma kuti apeza chimene chinagwetsa fakitale ija. Makinawa, ati, anamangidwa chadodolido, mpeni anauika pansi m'malo mwa pamwamba, ndipo mawa awaphwasula onse kuti autembenuze.

A Telala anakwera pampando, mutu wokha n'kuonekera pamwamba pa matabwa. Anayang'ana makina, anayang'ana mulu wa zidutswa, kenaka anayang'ana mwini wake.

"Achimwene, nanga osangotembenuza chikopacho bwanji?"

A Tiyeseko anatola chidutswa china pang'onopang'ono, anachiika nkhope m'mwamba, n'kuponda. Chinatuluka nkhope ili bwinobwino, mnofu utapalika.

"Ndimadziwa," anatero. "Ndimafuna ndione kaye kuti zikhala bwanji."

A Telala anaseka mpaka kutsala pang'ono kugwa pampando, ndipo anakafotokozera wogulitsa penti, wogulitsa penti n'kufotokozera aliyense wogula misomali tsiku limenelo. Koma a Tiyeseko sanaseke nawo, ndipo sanali manyazi okha ayi. Anali atazindikira chinthu chimene chinawawawa kwambiri. Moyo wawo wonse ankapala akuona mpeni ukudya mnofu. Apa mpeni unali kunsi, utabisika, iwo n'kumangoona nkhope ya chikopa ikudutsa. Upala bwanji chinthu chimene sukuchiona? Tsiku limenelo anatseka msanga, ndipo panjira anadzifunsa ngati Nesi sankanena zoona.

M'mawa mwake anabwereka kagalasi kodziyang'anira kwa a Telala. Anazimitsa mota, anagwada pansi ndi tochi, n'kulowetsa kagalasiko m'mbali mwa mpeni. Anakhala pamenepo mpaka mawondo kuchita dzanzi. Chimene anaona ndi kampata kakang'ono pakati pa phazi ndi mpeni. Atamasula kabawuti ka kumbuyo, phazi linapendekeka, kampata kaja n'kukula mbali imodzi, kuchepa mbali inayo. Atasintha phazi, kampata kanasinthanso maonekedwe.

"Mayi! A Telala!" anakuwa ali chigwadire. "Chikopa chimatuluka chofanana ndi mpatawu! Chimene chakwana kudutsa pamenepa ndiye chimatsala, china chonse mpeni umadya!"

"Ndiye ndiimbe nthungululu?"

"Ndiye kuti wopala si mpeni ayi, ndi phazili. Ukasankha phazi wapala kale!"

Kuyambira pamenepo sanagwirikenso. Anakhomera misomali isanu ndi inayi pathabwa, phazi lililonse msomali wake, ndipo pansi pake anamatapo chidutswa chimene phazilo lapala, chodulidwa pakati kuti kupendekeka kwake kuzioneka. Lotakata linkapala malo aakulu mofanana. Laling'ono linkangonyambita kumapeto kwenikweni. La kamzere linkasiya kangalande kopindirapo. Limodzi silinawaululire ntchito yake mpaka lero, ndipo amalitulutsabe nthawi zina n'kumalitembenuza m'manja. Dzanja lonjenjemera lija silinkavuta pamenepa, chifukwa ntchito yake inali kungotsogolera chikopa, kukoka ankakoka ndi makina. Pofika sabata yachitatu anali atayamba kuimba mluzu.

Lolemba la sabata yomaliza kunabwera mayi wa zikwama. Mayi ameneyu ali ndi kasitolo kake mumsewu wa kuseri, ndipo wakhala akubweretsa zikopa kwa a Tiyeseko kwa zaka makumi awiri. Nthawi yonse ya chala chija anadikira, osapita kwina. Anamasula pepala patebulo, m'kati muli zidutswa khumi ndi ziwiri za chikopa cha nkhosa, chofiira psuu, chofewa ngati khutu la mwana.

"Izi n'za zikwama zitatu, bambo, eni ake akudzatenga sabata ya mawa. Ndizipeze Lachisanu. Chikopa chinali chimodzi chokhachi, chotsala ndi ichi." Anaika pambali kachidutswa kofanana ndi chikhatho.

Lachisanu lomwelo ndiye linali tsiku lomaliza la mwezi. A Tiyeseko anati asadandaule, zing'onozing'ono izi.

Apa m'pamene anazindikira kuti thabwa lawo lonse lija linali la chikopa cha ng'ombe. Zidutswa zonse zimene ankatola pansi zinali zouma, zolimba, zoti ngakhale utaziponda ndi njinga sizidandaula. Atadula kachigawo ka chotsala chofiira chija n'kukalowetsa pansi pa phazi lotakata, kanakwinyika, kanakakamira, mpeni n'kukatafuna ngati mbuzi yapeza pepala. Anayesa laling'ono, linakumba mzere wakuya mpaka kuwala kumaonekera. Anayesa la kagudumu, ndipo poyamba anasangalala, chifukwa chikopa chinadutsa osakwinyika. Atapita nacho pazenera anapeza timadontho tondondozana pankhope, kagudumu kaja kanali ndi kabala ka dzimbiri ndipo kankadinda paliponse kakazungulira. Kachidutswa koyesera kaja kanali katatsala theka.

Linatsala lokhota ngati supuni. Analimanga, anapuma kaye, n'kuponda pang'onopang'ono. Kumbuyo kunapalika mokongola, kupendekeka kwake ngati kwa dzanja lawo la kale. Koma pankhope panali kamzere kamodzi kowala, kokandika, kuyambira uku mpaka uko. Pachikwama chofiira kamzere kotero kamaoneka munthu ali tsidya lina la msewu.

Analimasula phazilo n'kuliyang'ana padzuwa, osaona kanthu. Analisisita ndi chala, koma zala za munthu wa zikopa n'zokhakhala, sizimva tinthu tating'ono. Ndiye analipukuta ndi malaya, n'kuliyendetsa pamlomo wa m'munsi. A Telala, amene ankadutsa pakhomo ndi ketulo, anaima.

"Kodi zafika popsompsona zitsulo? Mukanandiuza, ndikanakupezerani mkazi."

"Khalani chete, mayi. Ndakapeza."

Kanali kachibuthu kakang'ono kwambiri m'mphepete mwa phazi, mwina linagwapo pasimenti kufakitale kuja. Anatulutsa lamba wawo wakale wonolera mpeni, amene anali atangolendewera pamsomali chichokereni mpeniwo, anamupaka mankhwala opukutira zitsulo, n'kuyamba kukhutiza. Anakhutiza Lachiwiri lonse ndi Lachitatu mpaka masana. Chinawaseketsa okha n'choti ntchito imeneyi dzanja lonjenjemera linkaigwira bwino zedi, mwina kuposa labwinobwino. Akakhutiza pang'ono, pamlomo. Akakhutizanso, pamlomo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza phazi linkawala moti ankaonamo mphuno yawo.

Choyesera chinali chitatsala chofanana ndi bokosi la machesi. Anachilowetsa. Chinatuluka nkhope ili see, popanda ngakhale kachizindikiro.

Lachinayi anapala zidutswa khumi ndi ziwiri zija, chimodzichimodzi, chitseko atatseka kuti wina asawalankhulitse. Chilichonse chikatuluka ankapita nacho pazenera. A Telala tsiku limenelo sanayatse wailesi, ndipo sanatulutse mawu ngakhale amodzi, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire.

Lachisanu m'mawa Nesi anafika atavala kale yunifolomu, n'kuima pakhomo manja atapinda. Posakhalitsa anafikanso mayi wa zikwama. Anatenga chidutswa choyamba, anatsinzina, n'kuyendetsa chala m'mphepete monse. Anachipinda, chinagona chokha. Anatenga chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza, osathamanga. A Tiyeseko anabisa dzanja lamanja m'thumba chifukwa linali litayamba kuvina kwambiri.

Mayi uja anapumira m'mwamba n'kukhala pampando wa waya uja.

"Ee, koma abale! Ndiye kuti lumo langa lipumako tsopano."

"Lumo lanji?" anafunsa a Tiyeseko.

Mayiyo anagwira pakamwa. Anayang'ana Nesi, anayang'ana pansi, koma mawu anali atatuluka kale.

"Pepani bambo, chandipulumuka. Zaka zitatu tsopano, ndikatenga zikopa kuno ndimayamba ndakazikonza ndekha ndi lumo ndisanasoke. Pena mumasiya zitunda, pena mumapyoza."

"Zaka zitatu?"

"Zitatu ndi miyezi."

"Nanga zopyozedwazo mumatani nazo?"

"Ndimadula n'kusokera timatumba ta makiyi. Timayenda malonda ndithu, musadandaule."

"Nanga osandiuza bwanji, mayi?"

Mayi wa zikwama anayamba kukulunga zidutswa zake m'pepala, akusalaza makona mosafunikira.

"Ndikanakuuzani mukanapita kuti?"

Manyazi anawagwira a Tiyeseko, ndi chisoni, ndi chinanso chimene sanachidziwe dzina, moti anasowa poyang'ana. Munthu wa mafunso uja analibe funso lina. Kuseri kwa matabwa makina a a Telala anali ataima.

"Lolemba ndibweretsa zabuluu," anatero mayiyo ali pakhomo. "N'zofewa kuposa izi, mukonzekere."

Nesi anatsala kanthawi. Anayang'ana thabwa la misomali, anayang'ana zinyenyeswa zofiira pansi pa makina, kenaka anakonza kolala ya malaya a bambo ake yomwe inali itapindika.

"Ndachedwa kuntchito, ababa. Madzulo mutseke nokha."

Atatsala okha, a Tiyeseko anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi a chitseko. Anali m'kathumba kachikopa kakhofi, kamene mayi wa zikwama anawapatsa chaka chatha, ati kamphatso chabe, ndipo iwo anakayamikira kuti n'kosokedwa mwaluso. Anakhuthula makiyi patebulo, anakatembenuza kathumbako kunja kukhala m'kati, n'kupita nako pazenera. M'mphepete, pafupi ndi msoko, panali pamene mpeni wawo unapyoza, kabowo kotalika ngati njere ya mpunga. Panali pomatidwa ndi kachigamba kopyapyala, mosamala kwambiri, moti chala sichikanamva.